Ndifunse nawo za anthu odumpha pa ayezi

Munthu akadumpha n'kugwa, amakhala kuti wachita bwino kapena walakwitsa? Ndikufunsa zenizeni, chifukwa m'masewera a figure skating, aja otsetsereka pa ayezi ndi nsapato zokhala ndi chitsulo kunsi, yankho lake silikundionekera. Pa 10 February 2022, pa mpikisano wa Olimpiki ku Beijing, Yuzuru Hanyu wa ku Japan anayesa kudumpha Axel wozungulira kanayi ndi theka. Kuzungulirako sanamalize, ndipo anagwa dziko lonse likuona. Pa pepala la zotsatira kudumpha kumeneko kunalembedwa mapointi 5.00. Tikachotsapo pointi imodzi ya chilango cha kugwa, patsala 4.00. Tsono Axel yemweyo wozungulira kawiri ndi theka, munthu atamudumpha osagwa, n'kutera bwinobwino manja ali tambalale, mtengo wake woyambira ndi 3.30. Ine masamu anga ndi a kupulayimale, koma 4 ndi wamkulu kuposa 3.30. Ndiye kuti kugwa kumalipira kuposa kuima?

Odziwa amati funso langali ndi la munthu amene sanawerengepo malamulo a ISU, bungwe loyendetsa masewerawa, lomwe likulu lake lili ku Lausanne m'dziko la Switzerland. Akuti kadumphidwe kalikonse kali ndi mtengo wolembedwa kale, ndipo chovuta kwambiri chimalipidwa mokwera ngakhale chitabwera chophwanyika. Chabwino, ndavomera. Koma kuti munthu adziwe mtengo ayenera ayambe wadziwa chimene chadumphidwacho, ndipo apa m'pamene ndimayambira kumva chizungulire kuposa odumphawo.

Akuti mitundu ya kadumphidwe ilipo 6: toe loop, Salchow, loop, flip, Lutz ndi Axel. Itatu inatenga mayina a anthu amene anaiyambitsa, Axel Paulsen wa ku Norway mu 1882, Ulrich Salchow wa ku Sweden mu 1909 ndi Alois Lutz wa ku Austria mu 1913. Ine ndikayang'ana ndimaona mtundu umodzi basi. Munthu amabwera chafutambuyo ali pa liwiro, amanyamuka, amazungulira, amatera ndi mwendo umodzi akupitabe chafutambuyo. Ndikanena zimenezi amandiuza kuti sindikunama kwenikweni, chifukwa kuterako n'kumodzi pa mitundu yonse 6. Kusiyana kuli ponyamuka. Axel yekha ndiye amanyamuka munthu atayang'ana kutsogolo, n'chifukwa chake ali ndi theka lapamwamba, ndipo ameneyu ngakhale ine ndimamuzindikira. Nanga enawo?

Enawo akuti uziyang'ana kuphazi. Chitsulo cha kunsi kwa nsapato ija n'chopyapyala, mamilimita ngati 4 basi, ndipo pochinola amachikumba kamzere pakati, moti chimakhala ndi mbali ziwiri zakuthwa. Ina ili ku chala chachikulu, amati yamkati. Ina ili ku kachala kakang'ono, amati yakunja. Kutsogolo kwa chitsulocho kuli mano. Pa toe loop, flip ndi Lutz wosewera amabaya ayezi ndi mano a phazi linalo kuti adzikankhire m'mwamba, pomwe pa Salchow, loop ndi Axel amanyamukira pa mbali yakuthwa popanda kubaya. Mpaka apa ndikutsatira.

Tsono tamvani za flip ndi Lutz. Kwa munthu wozungulirira kumanzere, monga amachitira ambiri, pa zonse ziwiri amatsetsereka chafutambuyo ndi phazi lamanzere n'kubaya ndi lamanja. Phazi lomwelo, mano omwewo, kuzungulira komweko, kutera komweko. Pa flip chitsulo chakumanzere chimapendekera mkati, pa Lutz chimapendekera kunja. Kwatha. Flip wozungulira katatu ndi 5.30, Lutz ndi 5.90. Nditafunsa kuti kupendekera kwa kachitsulo ka mamilimita 4 kungadule bwanji chonchi, yankho lake linandigwira mtima. Mbali yakunja ija imakokera thupi mu njira yokhotera kwina pamene kuzungulira kukufuna kupita kwina, ndiye wodumpha Lutz amanyamuka akulimbana ndi njira yake yomwe. Mukaonetsetsa katswiri wa Lutz ngati Yuna Kim wa ku South Korea, mumamuona akuchokera patali, bondo litapindika, akakolo atagonera kunja mochititsa nthumanzi, mwendo wamanja utatambasukira kumbuyo kukafuna pobaya. Pa kamphindi komaliza thupi lonse limafuna kugubudukira mkati kuti zinthu zipepuke. Ambiri limawagonjetsa. Chitsulo chimatembenukira mkati munthu asanachoke pansi, Lutz uja n'kusanduka flip. Anthu a masewerawa amazitcha flutz, ndipo akamatero sakhala akuyamikira.

Oweruza akaona zimenezi amalemba kachilembo ka e pafupi ndi dzina la kudumphako, mtengo n'kutsika kufika pa 80 peresenti. Akangokayikira amalemba chizindikiro cha !, mtengo osatsika koma malikisi a ubwino n'kuchepa. Apa ndili ndi funso linanso la masamu. 80 peresenti ya 5.90 ndi 4.72. Mwanena nokha kuti munthuyu wadumpha flip. Flip ndi 5.30. Bwanji osangomulipira za flip amene wadumphayo? Akuti ayi, timayambira pa chimene amafuna kuchita, n'kudulapo pa kulephera kwake. Akutinso kumeneku n'kumuchitira chifundo, chifukwa pali lamulo loletsa kubwerezabwereza kadumphidwe kamodzi, lomwe linabwera Elaine Zayak wa ku America atapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1982 ndi toe loop wozungulira katatu maulendo anayi. Atamuwerengera flip woonjezera akhoza kupyola malire, kudumphako n'kupita chimanjamanja. Ndamva. Kungoti sindimadziwa kuti oweruza amaweruzanso zolinga za mumtima.

Nanga Mao Asada wa ku Japan timuika pati? Pa Olimpiki ya ku Vancouver mu 2010 anatera Axel wozungulira katatu ndi theka maulendo atatu pa mpikisano umodzi, zimene panalibe mkazi anachitapo, koma Lutz sanamuike m'pulogalamu yake yaifupi ngakhale yaitali chifukwa kachilembo kaja kankamulondola. Kim analibe Axel wotere, koma Lutz wake anali wopanda banga, ndipo anatenga mendulo ya golide ndi mapointi 228.56, Asada n'kutsatira ndi 205.50. Munthu wokhoza chovuta kwambiri n'kumavutika ndi chimene buku likuti n'chopepukirapo, kodi buku la mitengolo limati chiyani za iye?

Mwina ndifunse kaye kuti amene amaona zonsezi ndani. Akuti magulu alipo awiri. Loyamba ndi la anthu atatu okhala ndi kanema wobwereza, ndipo ntchito yawo ndi kutchula dzina la kudumphako, kuwerenga kuzungulira ndi kuona mbali ya chitsulo. Akasiyana maganizo, awiri amaposa mmodzi. Lachiwiri ndi la oweruza 9 opereka malikisi a ubwino, kuyambira -5 mpaka +5, ndipo sitepe iliyonse imaonjezera kapena kuchotsa 10 peresenti ya mtengo. Kompyuta imataya malikisi apamwamba kwambiri ndi apansi kwambiri, n'kupeza pakatikati pa otsalawo. Kale sizinali choncho. Woweruza ankangopereka nambala yosapyola 6.0 malinga ndi mmene zamukomera, mpaka pa Olimpiki ya ku Salt Lake City mu 2002, kumene woweruza wa ku France, mayi Marie-Reine Le Gougne, anapezeka pakati pa mkangano wa kukondera, ndipo golide wa osewera awiriawiri anaperekedwa kawiri, kwa a ku Russia komanso kwa Jamie Salé ndi David Pelletier a ku Canada. Mu 2004 ISU inavomereza njira yatsopanoyi, yoti chilichonse chikhale ndi nambala yake. Cholinga chinali choti maso a munthu asamanamizenso anthu. Nanga manambala atsopanowa amachokera m'maso mwa ndani?

Funso limene landisowetsa mtendere kwambiri ndi ili: kudumpha kozungulira katatu kumazungulira kangati? Musaseke, akuluakulu, tamverani kaye.

Potera amawerengera mosamala kwabasi. Chitsulo chikakhudza ayezi kutatsala kota ya kuzungulira amalemba q, chilembo chimene chinabwera mu 2020. Mtengo umakhala womwewo koma oweruza 9 aja amadulapo. Kukatsala kopitirira kota koma kosafika theka amalemba <, mtengo n'kutsika kufika pa 80 peresenti. Kukatsala theka kapena kuposa amalemba <<, ndipo munthu amalipidwa ngati wazungulira kawiri pomwe iye amayesa katatu. Umu ndi momwe 12.50 ya Axel wa Hanyu inasandukira 10.00, kugwa n'kudzadya theka la imeneyo. Kuperewera kumeneku kukaonetsedwa pafupi kumaoneka chonchi: mano a chitsulo amafika pansi phazi litayang'ana cham'mbali, kenako phazilo limapotoka msangamsanga pa ayezi pomwepo kuti limalize ulendo, n'kusiya kamzere kopindika kumapeto, tizidutswa ta ayezi titathethekera m'mwamba. Wozungulira mokwanira chitsulo chake chimangofika n'kupitirira chafutambuyo, myaa, osakanda.

Zimenezi amaziona pa kanema woyendetsedwa pang'onopang'ono. Kamera yake imaima m'mbali mwa bwalo la mamita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi, ndipo wodumphayo akhoza kukhala kutsidya, atafulatira. Kota yeniyeni, osati kota ndi kachidutswa, amaiona bwanji kuchokera pamenepo? Ndipo kuwerengako amayambira pati?

Pajatu kuzungulira kuli ndi poyambira. Aphunzitsi amavomereza kuti palibe amene amanyamuka thupi lili chilili n'kukayambira kuzungulira m'mwamba. Pamakhala kupotoka pang'ono phazi likadali pansi, ndipo pa loop ndi Salchow kumeneku n'chibadwa cha kudumphako. Koma pang'ono pa uyu si pang'ono pa mnzake. Wina amabaya ndi mano okha n'kuchoka nthawi yomweyo. Wina amagoneka chitsulo chonse pansi, n'kupotokera pomwepo mpaka atatsala pang'ono kuyang'ana kutsogolo, ndiye n'kumanyamuka. Tiyeni tiwerengere limodzi. Katatu, kuchotsapo theka la ponyamuka, kuchotsaponso kota ya potera, kwatsala kawiri ndi kota. Uyu wazungulira pafupifupi katatu kathunthu m'malere, uyo kawiri ndi kota, koma pa pepala onse alembedwa 3Lz, kutanthauza Lutz wozungulira katatu, mtengo 5.90.

Lamulo lilipo, akutero. Buku la gulu la anthu atatu lija limati munthu akaoneka poyera kuti wanyamuka atayang'ana kutsogolo pomwe amayenera kunyamuka chafutambuyo, kudumphako kutsitsidwe. Koma buku lomwelo limati poona zimenezi kanema aziyenda pa liwiro lake la nthawi zonse, osati pang'onopang'ono. Apa ndiye mutu wanga waima. Makina ndi omwewo, batani ndi lomwelo, anthu ndi omwewo. Potera amaloledwa kudina batani, ponyamuka ayi. Kodi kuba kota kumapeto ndi mlandu, koma kuba theka koyambirira ndi luso? Aliyense amene ndimamufunsa amayamba ndi kuusa moyo. Wina anati akayamba kuyang'ana pang'onopang'ono ponyamuka paliponse, mpikisano udzafika m'bandakucha. Wina anati vuto ndi kugwirizana kuti malire akhale pati pa mtundu uliwonse. Winanso anangoti akatero akatswiri ambiri otchuka achita manyazi, n'kusintha nkhani. Amene ndinamumvetsa bwino ndi womalizayo.

Tibwere m'mwambamo, momwe ife oonera timayang'ana. Nthawi yonse imene munthu amakhala m'malere siikwana sekondi imodzi, ngakhale pa kudumpha kozungulira kanayi komwe amati quad. Nthawi imeneyi sangaitalikitse kwenikweni, ndiye chotsala n'kuzungulira msanga, ndipo thupi limazungulira msanga likadzisonkhanitsa n'kuongoka, osalemera mbali imodzi, ngati nguli yosemedwa bwino. N'chifukwa chake amakokera manja pachifuwa, zigongono atazipanikiza m'nthiti, miyendo itaongoka n'kupingasa pa akakolo, wamanzere patsogolo pa wamanja, kulemera konse kuli ku mwendo umene ateterepo. Chigongono chimodzi chikatsalira kunja, kapena phewa likapendama, liwiro limatsika ndipo kota ija imasowa. Pofuna kutera amatambasula manja ndi mwendo mwadzidzidzi kuti kuzungulira kuime, bondo limodzi n'kulandira kulemera koposa thupi lake kangapo.

Munthu angayese kuti apa m'pamene pali malikisi ambiri, poti m'pamene pali kukongola. Ayi ndithu. Oweruza 9 aja ali ndi mfundo 6 zoyang'ana: kukwera ndi kutalika kwa kudumphako, kunyamuka ndi kutera bwino, kuchita mosaoneka kuvutikira, masitepe kapena malowedwe achilendo munthu asanadumphe, kaimidwe kabwino ka thupi kuyambira ponyamuka mpaka potera, ndi kugwirizana ndi nyimbo. Kuti munthu apatsidwe +4 kapena +5, zitatu zoyambazo ziyenera kukhalapo. Kaimidwe ka thupi ndi mfundo yachisanu, yosakakamiza. Odziwa amati ndisadandaule, chifukwa thupi likaima molakwika m'mwamba zimadzaonekera pansi, ndipo chilango chimalipeza kumeneko. Ndiye kuti kaimidwe koipa kamalangidwa kawiri, m'mwamba ndi pansi? Nanga kaimidwe koipa kobereka kudumpha kwabwino mumakatani?

Ndikunena za Midori Ito. Mtsikana wamfupi uyu wa ku Japan ndiye anali mkazi woyamba kutera Axel wozungulira katatu ndi theka pa mpikisano, mu 1988, ndipo chaka chotsatira anapambana naye mpikisano wa dziko lonse ku Paris. Makanema ake alipo pa YouTube, kaoneni nokha mmene ankakwerera. Koma miyendo yake sinkapingasa pa akakolo. Mwendo womasukawo unkapindika n'kukulunga unzake m'mwamba cha ku bondo, zimene aphunzitsi amaletsa ana awo tsiku ndi tsiku chifukwa zimachedwetsa kuzungulira. Kwa iye zinalibe kanthu, poti ankakhala m'mwamba nthawi yokwanira. Malamulo a lero ali ndi mzere wodula malikisi pa kaimidwe koipa m'malere. Atabwera lero, mungamupatse malikisi a kukwera kenako n'kumulandanso chifukwa cha miyendo? Ngati cholinga chopingasa akakolo n'choti munthu amalize kuzungulira, ndipo iye wamaliza, watsala ndi mlandu wanji?

Manja nawo ali ndi mbiri yawo. Brian Boitano wa ku America, amene anatenga golide pa Olimpiki ya ku Calgary mu 1988, ankadumpha Lutz dzanja limodzi lili m'mwamba pamutu, ndipo mpaka lero kachitidweka amakatcha Tano. Adam Rippon anadzakweza manja onse awiri, nakonso n'kutenga dzina lake. Mndandanda wakale wa mfundo za ubwino unali ndi 8, ndipo imodzi inkapereka malikisi kwa wosintha kaimidwe m'malere. Mwadziwa kale zimene zinachitika. Manja anayamba kukwera paliponse. Evgenia Medvedeva wa ku Russia, katswiri wa dziko lonse mu 2016 ndi 2017, ankakweza dzanja pa kudumpha kochuluka m'pulogalamu imodzi, ndipo ana ambiri anatengera, ena dzanja litangopindika pamutu mosaoneka bwino. Mu 2018 mfundo ija inafufutidwa. Tsono ndiuzeni. Dzanja la Boitano linali lokongola mu 1988 pamene linalibe mtengo wolembedwa. Linali lokongola mu 2016 pamene linali nawo. Nanga mu 2019 linasiya kukongola? Kapena chinthu chimakongola pokhapokha ochichita akakhala ochepa?

Chaka chomwecho cha 2018 anatsekanso mpata wina. Kudumpha kwa m'theka lachiwiri la pulogalamu kunkaonjezeredwa 10 peresenti poti miyendo imakhala itatopa, ndiye Alina Zagitova, ali ndi zaka 15, anasunga kudumpha kwake konse mpaka theka lachiwiri, n'kutenga golide pa Olimpiki ya ku PyeongChang, kuposa Medvedeva ndi mapointi 1.31. Sanaphwanye lamulo lililonse. Anangoliwerenga bwino kuposa amene analilemba. Patangopita miyezi yochepa, bonasi ija inatsala ya kudumpha kumodzi komaliza m'pulogalamu yaifupi ndi katatu komaliza mu yaitali.

Za kukwera nazonso ndifunse. Mfundo yoyamba ija imati kudumpha kukhale kokwera kwambiri ndi kotalika kwambiri. Kwambiriko ndi masentimita angati? Sizinalembedwe. Wailesi ya kanema ya Fuji ku Japan ili ndi makina otchedwa Ice Scope, oonetsa anthu kunyumba kuti wosewera wakwera masentimita angati, wauluka mamita angati, ndipo watera pa liwiro lanji. Wokhala pa mpando kunyumba akuona manambala, woweruza wokhala m'mbali mwa bwalo akuyeza ndi maso. Ndipo masowo amakhala atadziwa kale dzina la wodumphayo, dziko lake, mphunzitsi wake ndi malikisi amene anapatsidwa mwezi watha. Mnyamata wosadziwika akadumpha chimodzimodzi ndi katswiri wa dziko lonse, onse amaoneka osavutikira mofanana? Mpaka mu 2016 mayina a oweruza ankabisidwa, osadziwika kuti malikisi awa wapereka ndani. Akuti ankawateteza kuti asamakakamizidwe ndi mabungwe a kwawo. Tsopano mayina amaonekera, akuti kuti asamakondere mobisala. Njira ziwiri zotsutsana, matenda amodzi. Yochiza ndi iti?

Malikisi a ubwino aja nawonso, poti ndi maperesenti a mtengo, amakondera amene ali nazo kale. Toe loop wozungulira katatu ndi 4.20. Mutamudumpha mwa ungwiro, oweruza onse n'kupereka +5 yekhayekha, mwaonjezera 2.10. Lutz wozungulira kanayi ndi 11.50, ndipo womudumpha mwapakatikati, wa +2, waonjezera 2.30. Ndiye kuti ubwino wapakatikati wa chinthu chodula umaposa ungwiro wa chinthu chotchipa. Mwina n'chilungamo, poti chodulacho n'chovutadi. Komatu n'chifukwa chake aliyense akuthamangira quad, ndipo kwa atsikana quad amabwera msanga thupi lisanakhwime, chiuno ndi mapewa zikadali zazing'ono. Ku Beijing Alexandra Trusova anadumpha ma quad 5 m'pulogalamu yaitali n'kutenga siliva, kumbuyo kwa Anna Shcherbakova amene anali ndi awiri okha koma osakayikitsa. Onse anali ndi zaka 17. Kaori Sakamoto wa ku Japan analibe quad ndi mmodzi yemwe, analibenso Axel wa katatu ndi theka. Chake chinali liwiro ndi kudumpha kouluka kutali n'kutera akuyendabe mwamphamvu, ndipo anatenga mendulo yachitatu. M'chaka chomwecho ISU inavomereza kukweza zaka zolowera mipikisano ya akuluakulu kuchoka pa 15 kufika pa 17, pang'onopang'ono. Zaka za ana anasintha, mitengo imene imawathamangitsa anaisiya momwemo. Pamenepa ngakhale funso likundikanika kupanga.

Mitengoyo amaika ndani, ndipo amayeza ndi chiyani? Ku Vancouver mu 2010 Evan Lysacek wa ku America anapambana wopanda quad, kuposa Evgeni Plushenko wa ku Russia amene anali naye, ndi mapointi 1.31, nambala yomweyo ya Zagitova, zongochitika mwangozi. Phokoso linali lalikulu, ndipo mtengo wa quad toe loop unakwera kuchoka pa 9.8 kufika pa 10.3. Anyamata atayamba kudumpha ma quad ambirimbiri, mu 2018 unatsitsidwa kufika pa 9.5. Kudumphako sikunasinthe. Kurt Browning wa ku Canada anazungulira kanayi ku Budapest mu 1988, ndipo kanayi ka nthawi imeneyo ndi kanayi ka lero. Chodabwitsa kwambiri ndi Axel wa kanayi ndi theka. Mu 2018 anamutsitsa kuchoka pa 15.0 kufika pa 12.5, pa nthawi imene panalibe munthu ndi mmodzi yemwe pa dziko lapansi amene anamuterapo pa mpikisano. Chinthu chimene palibe anachichitapo mumadziwa bwanji kuti chadula kwambiri? Anadzamutera ndi Ilia Malinin wa ku America pa 14 September 2022 ku Lake Placid, ali ndi zaka 17, patapita zaka 44 kuchokera pamene Vern Taylor wa ku Canada anatera wa katatu ndi theka mu 1978. Chimene anthu anadikira zaka 44 chimaposa quad Lutz ndi pointi imodzi yokha, pomwe pa kuzungulira katatu Axel amaposa Lutz ndi 2.10. Theka lomwelo la kuzungulira, likafika povuta kwambiri limatchipa?

Pali kudumpha kumodzi komwe ngakhale mwana amakuzindikira popanda kanema wobwereza, kuja kotembenuzika chagada m'malere, mutu pansi miyendo m'mwamba. Terry Kubicka wa ku America anakuchita pa Olimpiki ya 1976 ku Innsbruck, ndipo posakhalitsa kunaletsedwa. Chifukwa chachikulu chinali ngozi, koma ena ankatinso kudumpha kovomerezeka kumatera ndi phazi limodzi. Surya Bonaly wa ku France anatembenuzika pa Olimpiki ya ku Nagano mu 1998 n'kutera ndi phazi limodzi, pa chitsulo chimodzi, oweruza n'kumudulabe malikisi, ndipo anamaliza pa nambala 10. Mu January 2024 Adam Siao Him Fa, wa ku France nayenso, anatembenuzika dala pa mpikisano wa mayiko a ku Ulaya ku Kaunas, anadulidwa mapointi 2, n'kupambanabe. Patapita miyezi yochepa m'chaka chomwecho ISU inachotsa chiletsocho. Tsopano n'kololedwa, Malinin amakuchita anthu n'kumakuwa, koma pa mndandanda wa mitengo ya kudumpha palibe. M'miyezi imeneyo ayezi sanafewe, khosi la munthu silinalimbe. Ndiye ngozi ija inapita kuti? Ndipo mapointi 2 a mnyamata uja, alipo amene anaganizapo zomubwezera?